Wayifayi ya Pamtumbira

Nkhaniyi ikamakambidwa pa Namitete anthu amayamba ndi kuseka, koma pothera pake mudzaona aliyense akupisa m'thumba kuti aone ngati foni yake ilimo. Ine ndiikamba mmene ndinaimvera. Wonama akhale amene anandiuza.

Aubrey anali munthu wabwinobwino. Mowa ayi, akazi ayi, mkazi wake sanamuopsezepo ndi chala chomwe. Matenda ake anali amodzi basi: foni. Munthu wodya ndi dzanja limodzi, linalo likukanda galasi. Kutchalitchi foni ili m'kati mwa buku la nyimbo. Mkazi wake Olive ankati akamuuza kuti mwana watentha thupi, iye n'kuyankha kuti "zoona zimenezo," maso ali pansi, akumwetulira zina. Olive atatopa anaitanitsa ankhoswe kunyumba kwawo ku Kawale. Ndiye tamvani. Ankhoswe ali m'kati modzudzula za foniyo, china chinalira pansi pa tebulo. Posuzumira anapeza kuti mkuluyu wakhala akuyankha mauthenga mlandu wonsewo, foni ataigoneka pabondo.

Chigamulo chinali chachifupi. Atengane awiriwiri akapume kwina pa tchuthi cha mu Julayi, mwana wawo Thoko atsale kwa azakhali ake, mafoni onse azimitsidwe n'kusungidwa m'chikwama cha Olive. Aubrey akangopezeka ndi foni yake m'manja asanabwerere, Olive azipita kwawo ku Mponela, ndipo ankhoswe sadzatsegulanso pakamwa. Olive sanakalipe ayi. Anangonena chapansipansi kuti watopa kukhala pamitala ndi chinthu chotchaja. Aubrey mkazi wake ankamukonda ndithu, izi ndisakubisireni, ndipo tsiku limenelo anachita mantha enieni.

Koma malo anasankha ndi iyeyo, ndipo anasankha mwaukathyali. Inali loji ina kuseri kwa Namitete, mukapatuka pa msewu wa Mchinji n'kulowa wafumbi, pa esiteti yakale ya fodya. Anali ataona pa intaneti kuti pamalopo pali wayifayi yaulere. Sikuti ankafuna kuphwanya pangano, ayi. Ankangofuna kudziwa kuti ili pafupi, monga wosiya kusuta amasungira ndudu imodzi m'thumba la jekete.

Anafika pa kabaza dzuwa litapendeka. Zipinda za alendo zinali mashedi akale osankhiramo fodya, atawapaka laimu, koma fungo lija silinasamuke. Woyang'anira malowo, mayi Gertrude, anawalandira mwansangala, osadziwa kuti walandira chilango. Aubrey, amene zala zinali zitayamba kale kumuyabwa, anadandaula chilichonse chimene diso lake linagwerapo. Shawa inkadontha ngati mphuno ya chimfine, madzi akenso ozizira. Thaulo linali limodzi la anthu awiri. Neti inali ndi chibowo choti nkhuku n'kulowa osawerama. Chitseko chinkatsekedwa ndi msomali wopinda. Atatsegula kuchimbudzi anakumana maso ndi maso ndi chule, atakhala pamwamba pa thanki ngati walipira.

Mayi Gertrude anali atazolowera anthu a m'tauni. Anayankha modekha kuti madzi otentha abwera mundowa, thaulo lina likuuma, udzudzu mu Julayi kulibe, ndipo chule uja ndi wakale pamalopo kuposa antchito onse, sanalumepo mlendo. Olive atalowa kukasamba, m'pamene Aubrey anatulutsa funso lenileni, monong'ona. Mayiyo anati wayifayi ilipo ndithu, kungoti kabokosi kake kanaombedwa ndi mphenzi dzinja lapitalo, ndipo mnyamata amene ankadziwa pasiwedi anapita ku Joni. Netiweki ya foni nayo imabwera ikafuna, makamaka mphepo ikamachokera ku Chitedze. Aubrey anamva ngati wina wamuuza za maliro.

Chokhumudwitsa n'chakuti madzulo amenewo anali okoma. Anadya nkhuku ya lokolo pakhonde. Magetsi atathima, monga mwa mwambo wake, nyenyezi zinatuluka zochuluka zoti ku Kawale sazionako. Olive anayamba kukamba za kale, za nthawi imene Aubrey ankayenda wapansi kuchokera ku depoti kudzangomuona akuchapa. Anaseka mpaka kutsokomola. Anamugwira dzanja mwamuna wake, ndipo ngakhale chala chachikulu cha Aubrey chinayamba chokha kukanda kuseri kwa dzanja lakelo, kukwera n'kutsika, Olive anangoseka n'kuchitsina. Pokagona anati lero wamuonako munthu amene anamulola uja. Anaika chikwama kumutu, anadzikulunga m'bulangete, n'kugona tulo ta munthu wokhutira.

Aubrey tulo tinakana. Mudziwe kuti iyeyu ndiye anali adimini wa gulupu ya pafoni ya anthu amene anaphunzira nawo kusekondale, ndipo foni isanazimitsidwe m'mawa uja, mnzake wina wamwano, Stanley, anali atalemba kuti dziko lino ndi la demokalase, uadimini uzichita kuvoteredwa. Aubrey sanayankhe. Tsiku lonse osayankha! Pofika tsopano mwina anali atamugwetsa kale boma. Anatembenukira uku, bedi n'kulira. Anatembenukira uko, ntchafu n'kunjenjemera ngati mwalowa uthenga, pamene wavala kabudula wopanda thumba. Anadziuza kuti angoyang'anako kamodzi, alembe mawu awiri, abweze. Olive sadziwa, ankhoswe ali kutali.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anasolola chikwama pang'onopang'ono, anaipeza foni yake poifufuza ndi zala, anavala buluku. Kunja kunali chisanu cha mu Julayi chija chimalowa m'mafupa, ndipo bulangete lonse linali kwa Olive. Anakoka bedishiti yoyera n'kudzifunditsa mpaka kumutu. Anapotokola msomali uja.

Panja anaiyatsa. Batire inali itatsala pang'ono kutha. Timizere ta netiweki panalibe ndi kamodzi komwe. Anakweza dzanja m'mwamba n'kuyamba kuzungulira bwalo, kenako anakwera pachitsa, kenako pa wilibala. Zii. Ali pomwepo anamva kutsokomola. Pakona pa shedi panali mlonda wa pamalopo, a Nasoni, mkulu wogontha khutu limodzi, atakumbatira mbaula. Masana a tsiku limenelo a Nasoni anali kumaliro m'mudzi wapafupi, ndipo anali atalawako zimene amuna amalawa akachoka kumanda. Aubrey anawayandikira, n'kunong'ona kuopa kudzutsa mkazi.

"Madala, kodi wayifayi kuno ingapezeke pati?"

A Nasoni anatembenuza khutu labwinolo. "Wafayo? Mukufuna wafayo?"

"Eya, eya. Chapansipansi, madala."

"Mumadziwana naye eti?"

Aubrey anaganiza kuti kumudzi kuno zinthu zachizungu amazitchula mwaulemu ngati anthu. Anayankha kuti amadziwana naye kwambiri, ndipo kunena chilungamo, iye popanda ameneyo sagona. A Nasoni misozi inalengeza. Anati analidi wamphamvu, wofika paliponse, ku Nsaru, ku Kabudula, mpaka ku Nambuma ankamudziwa, wolumikiza anthu. Ndiye wangozima mwadzidzidzi. Aubrey anati wamva kale, akuti ndi mphenzi. A Nasoni anati ayi, anthu amanama, ndi m'mimba. Aubrey anagwedeza mutu ngati wodziwa, poganiza kuti akunena m'mimba mwa kabokosi.

"Nanga pasiwedi?"

"Pansi, eya. Pansi penipeni. Nanga tikanamuika m'mwamba?"

Aubrey anasangalala. Anali atamvapo kuti mawaya amakono amadutsa pansi panthaka. A Nasoni anamuchonderera kuti adikire kuche apite ndi anthu, koma iye anati sangathe, mtima sukumupatsa mpata. Mkuluyo anapukuta maso ndi chipewa, akuti chikondi chotere sanachionepo ngakhale pakati pa abale a bere limodzi. Analoza ndi chibonga: mudutse zigafa za fodya izo, muwoloke munda, muona mitengo. Mukangolowa, chakumanja, pamene pali maluwa.

Pano ndiime kaye, chifukwa ena a inu mwaseka kale ndipo ena simunadziwe chimene anzanu akuseka. Aubrey anabadwira ku Ndirande, n'kukulira m'tauni. Sankadziwa chimene mwana aliyense wa kuno amadziwa asanayambe sukulu. Dera lino mitengo inathera m'fodya. Ndiye mukaona pakati pa minda yoyera pali kankhalango ka mitengo yachilengedwe, yaitali, yosadulidwa ndi nthambi yomwe, musamati eni mudzi amakonda chilengedwe. Mitengo imeneyo ili ndi eni ake, ndipo eni akewo agona pansi pake.

Anadutsa zigafa. Anawoloka munda, mapesi akuthyoka kuphazi, dzanja lili m'mwamba, nsalu ikukupiza kumbuyo. Galu wina anamuona chapatali, anayamba kuuwa, kenako anasintha maganizo. Mitengo ija inayamba kukula patsogolo pake, bii. Atangoponda pansi pa mtengo woyamba, nkhululu zonse zinasiya kulira nthawi imodzi. Mphepo inaima. Ndipo foni inanjenjemera m'dzanja lake.

Pagalasi panatuluka dzina la wayifayi: Takulandirani. Pasiwedi sinafunse. Timizere tonse tinadzaza.

Abale, munthu uja anatsala pang'ono kugwada. Anapita chakumanja monga anamuuzira, phazi linagunda dothi lofewa lounjikidwa, ndipo dzanja linakhudza maluwa a pulasitiki. Anati ndi pomwepa. Dothilo analiyesa mtumbira wa mbatata, osadzifunsa kuti ndani amaunda mbatata mu Julayi, pansi pa mitengo, n'kuikapo maluwa. Anakhalapo, anakokera nsalu kumutu, n'kuwerama.

Mauthenga anakhuthuka ngati chimanga chotuluka m'thumba lobooka. Stanley anali atayambadi kampeni, ena atamuikira kumbuyo. Aubrey analowa m'bwalo zala zikuthamanga. Anakumbutsa anthu amene anayambitsa gulupuyo. Anakumbutsa Stanley zimene anachita ali folomu thuu. Anali m'kati mwa chiganizo chokoma pamene pamwamba pa galasi panatsika uthenga wa nambala yosadziwika.

"Mwaswera bwanji achimwene."

Anaukankhira kumbali. Anthu osochera nambala ndi ambiri. Posakhalitsa unabwera wina.

"Mukundilemera."

Anaukankhanso. Kuzizira kunali kutayamba kumulowa, koma chodabwitsa sikunkachokera kumwamba kapena m'mbali. Kunkachokera pansi, kudutsa m'buluku, kukwera ndi msana. Panali fungo la dothi lofukulidwa kumene, ndi kafungo kena ngati ka nsalu yatsopano ya m'sitolo.

"Tasunthirani chakumiyendo."

Aubrey anasuntha. Anasuntha kaye, kuganiza kunabwera pambuyo. Ali pamalo atsopanowo m'pamene chala chinaima, n'kudzifunsa kuti kumiyendo kwa yani. Anadzutsa mutu. Kumaso kunali mdima wokhawokha, maso atachita khungu ndi kuwala kwa galasi. Anamvetsera. Panalibe tsamba logwedezeka.

"Zikomo. Foni yabwino imeneyi. Ndi ya tatchi eti?"

Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri, ndipo iye anali yekha. Munthu wanzeru akanataya nsalu n'kuliyatsa liwiro. Aubrey naye miyendo inali itagwirizana kale zothawa. Koma nthawi yomweyo Stanley anayankha, ndipo anayankha motukwana. Aubrey anati ayi, izi zokha sizingagone.

Anaweramanso. Zimene zinachitika pambuyo pake ankazikumbukira mwa apo ndi apo, monga munthu amakumbukira zimene ankauzidwa akuonera mpira. Akuti batire ija m'malo motsika inkakwera. Akuti wina ataponya kanema woseketsa m'gulupu, iye anaseka, ndipo atasiya kuseka panatsala kuseka kwina, kwa bezi, kochokera chapansi, kumene kunapitirira pang'ono n'kusiya. Anati mwina ndi achule. Akuti nthawi ina anamva ngati wina akuwerenga naye limodzi paphewa, ndipo akathamangitsa chala, kumbuyoko kunkamveka kutsonya kwa munthu amene sanamalize kuwerenga. Sanacheuke. Nambala ija inatumizanso mauthenga angapo, ataliatali. Sanawerenge ndi umodzi womwe. Wotsiriza unali wa liwu limodzi lokhala ndi chizindikiro cha funso, ndipo pofuna kuti munthuyo amusiye, Aubrey analemba yankho lake lija la masiku onse, lija ankayankhira mkazi wake, osayang'ana chimene akuvomera.

"Zoona zimenezo."

Tambala analira.

Aubrey anadabwa, chifukwa kwa iye panali patangopita kanthawi kochepa. Anadzutsa mutu, khosi lili gwa. Kunali kutayera. Chinthu choyamba kuona chinali mtanda wathabwa, pafupi kwambiri, utoto wake usanaume bwino. Kuseri kwake kunali wina. Kenako ziliza, zina zosweka, zina zomera ndere, mbale yakale yobooka, kapu yadzimbiri. Anayang'ana pansi. Anali atakhala pamtumbira watsopano, nkhata za maluwa zili mbali zonse, imodzi ataiphwanya ndi thako.

Anafuna kudzuka. Miyendo inali itachita dzanzi, yosamva ndi kutsina komwe. Ndipo chakumunda kunkamveka mapazi a anthu.

Kuno kuli mwambo wakuti m'mawa wotsatira tsiku loika maliro, kusanache bwino, adzukulu, amene ndi anthu okumba manda ndi kuika maliro, amapita ndi achibale kukazonda mtumbira. Amakaona ngati usiku kunafika afisi, kapena aja amakwera afisi. Kawirikawiri amapeza mapazi a mbewa n'kubwerera. Tsiku limenelo anapeza chinthu choyera mbee chitakhala pamtumbira, mutu chitaweramitsa. Amayi awiri anabwerera m'mbuyo osatsanzika. Mnyamata wina wa adzukulu anataya khasu n'kukwera mtengo, mtengo wa kumanda womwewo. Chinthu chija chinatulutsa nkhope n'kunena kuti mwadzuka bwanji.

Mkulu wa adzukulu, bambo wamfupi wa mikono ngati mitsi, sanathawe. Anaima patali pang'ono, khasu lili paphewa, n'kufunsa kuti ndinu yani, mwachokera kuti, mukutani pa malemu Henderson. Aubrey anayankha mafunso awiri oyambawo. Lachitatu linamukanika. Dzanja lamanja linali m'kati mwa nsalu, litafumbata foni.

Anthu anayamba kuchuluka m'mphepete mwa mitengo. Kenako anatulukira a Nasoni, kumbuyo kwawo mayi Gertrude, kumbuyo kwa onse Olive, chikwama chili m'khwapa. Mayi Gertrude atangoona anagwira m'chiuno, n'kuyamba kudandaula pamaso pa anthu kuti alendo ena amabwera ndi pakamwa podzudzula mathaulo, pamene iwo akutenga bedishiti ya loji kukakhalira kumanda, ndiye ndani adzagonerenso imeneyo. A Nasoni anafuna kuthandiza. Analumbira kuti bwanawa si munthu woipa, ndi bwenzi la pamtima la malemu, anachita kunena okha usiku kuti popanda Henderson sagona. Apo mkazi wa malemu, mayi Flora, anati chikwatiwire nkhope imeneyi sanaionepo pakhomo pake. Anthu anang'ung'udza. Ena anayamba kutola zibuma.

Mkulu wa adzukulu anakweza dzanja kuti kukhale bata. Anati asataye nthawi, afunse funso limodzi, ndipo mlendoyo ayankhe mwachilungamo pamaso pa mkazi wake.

"Kodi bambo, ndinu mfiti?"

Aubrey anayang'ana zibuma zija. Anayang'ana Olive. Olive sanali kulira, sanalinso wokwiya. Anangoima phee, nkhope yotopa, yofanana ndi ya tsiku la ankhoswe lija. Aubrey anaona kuti njira zilipo ziwiri basi. Anene kuti amafuna netiweki, anthu aseke, amumasule, Olive akakwere basi ya ku Mponela. Kapena avomere zinazo.

"Pang'ono," anatero.

Anthu anayang'anana. Ngakhale mkulu wa adzukulu, amene anali atamvapo zambiri pa ntchito yake, anatsitsa khasu, chifukwa mfiti ya pang'ono anali asanakumanepo nayo. Apo Olive analowererapo.

"Musawamvere awa. Ufiti umafuna munthu woika mtima pa zimene akuchita." Anasendera mpaka pafupi ndi mtanda. "Bambo a Thoko, tambasulani dzanja."

Aubrey anatseka maso. Mumtima anali atatsanzika kale chilichonse, nyumba ya ku Kawale, kuseka kwa dzulo kuja, mwana. Anatulutsa dzanja m'nsalu n'kulitambasula. Anadikira mawu a Olive. M'malo mwake anamva mayi Flora akuti mayo, n'kukhala pansi.

Anatsegula maso. M'dzanja lake munali kafoni kakang'ono ka mabatani, kong'aluka pagalasi, komangidwa ndi mphira kuti batire isagwe. Pakati pa mabatani panali dothi lofiira. Kanali kozizira ngati mwala wa m'madzi.

Mayi Flora anati kafoni kameneko ndi ka bambo a kunyumba kwawo. Anakaika okha m'thumba la jekete dzulo, bokosi lisanakhomedwe, chifukwa malemu ankanena ali moyo kuti asadzawasiye opanda pochezera. Adzukulu anazungulira mtumbira kuyang'ana pofukulidwa. Panalibe. Panali malo awiri okha ophwathalala, amodzi chapakati, ena chakumiyendo.

Olive anatsegula chikwama, anatulutsa foni yake, anaiyatsa. Inagwira nthawi yomweyo. Anaimba nambala ya mwamuna wake.

Poyamba sikunamveke kalikonse. Kenako, chapansipansi, ngati wailesi ya nyumba yachitatu, kanyimbo ka foni ya Aubrey kanayamba kulira. Kankachokera pansi pa dothi. Aubrey miyendo inachira pompo, anapezeka ataima kumbuyo kwa a Nasoni osadziwa kuti wafikako bwanji. Mnyamata wa mumtengo uja anakwera nthambi ina. Kanyimboko kanalira, kanalira, kenako kanadukira pakati. Sikuti kanatha ayi. Kuja kumachitika munthu akayankha.

Olive anaika foni kukhutu. Anamvetsera nthawi ndithu. Nkhope yake inasintha, koma sinasinthire ku mantha.

"Ndadzuka bwino, kaya inu," anatero mwaulemu. Anamvetseranso, n'kugwedeza mutu. "Ayi, palibe vuto. Ikhale komweko."

Anadula, anabweza foni m'chikwama, n'kutseka zipi.

Amene anayamba kulankhula anali mkulu wa adzukulu, ndipo analankhula ngati munthu amene mtima wakhala pansi. Anati basi, ameneyo ndi Henderson. Munthu uja moyo wake wonse sanagulepo chinthu m'sitolo, zake zinali zosinthana. Mbuzi ndi wailesi, wailesi ndi njinga, njinga ndi malata. Ndipo sankaba ayi, ankayamba wafunsa, mwini wake n'kuvomera. Ena anaikira umboni kuti miyezi yapitayi ankangokhalira kusirira mafoni a tatchi pa Namitete. Zibuma zinagwetsedwa pansi chimodzichimodzi. Aubrey anayesa kubweza kafoni kaja kwa mayi Flora, koma iwo anabisa manja kumbuyo, akuti zosinthana za bambo awo sizinkabwezedwa. Za ufiti zinathera pomwepo. Anangomulipiritsa mbuzi chifukwa cholowa kumanda popanda adzukulu, ndipo mayi Gertrude anamuuza kuti bedishitiyo atenge, ndi yake tsopano.

Ulendo wonse wobwerera Aubrey ankadikira kuti Olive atsike pa depoti n'kulunjika kumene kumaima basi za ku Mponela. Olive sanatero. Kwa ankhoswe anakanena kuti pangano linali la foni ya mwamuna wake, ndipo iye chimene anachipeza m'dzanja la mwamuna wakeyo sichinali foni yake, ndiye mlandu palibe. Aubrey analira misozi yeniyeni, n'kulumbira kuti ina sadzagulanso. Ndipo sanaguledi. Masiku ano amadya ndi manja onse. Mwana akatsokomola amayamba kumva ndi iye. Kafoni ka mphira kaja kali pamwamba pa kabati, sikayaka, ndipo palibe amene amakapukuta fumbi.

Ku Namitete amanong'ona kuti madzulo ena, mphepo ikadeka, ana opita kudambo amamva kanyimbo m'mitengo muja, ndipo sikalira nthawi yaitali kasanayankhidwe. Ku gulupu kuja chisankho chinachitikadi. Nambala ya Aubrey inapambana ndi mavoti ambiri, anthu akuti mkuluyu wasintha, masiku ano amapatsa moni aliyense ndi kufunsa za odwala. Stanley mpaka anapepesa. Akuti anatumizanso njinga yake ku Namitete posinthana ndi chinthu chimene mpaka lero sakufuna kutchula.

Zimenezo Aubrey sizimupweteka. Chimene chimamusowetsa tulo n'china. Usiku wina anadzidzimuka n'kuona kuwala m'bulangete, kumbali ya mkazi wake. Olive ankaseka chapansipansi, kuseka kuja anaseka pakhonde la loji. Aubrey anadzutsa mutu pang'ono n'kusuzumira paphewa. Pamwamba pa galasi panali chithunzi chake iye mwini, atavala tayi, ndi dzina limene Olive anamusungira kalekale: Bambo a Thoko. Pansi pake pankaoneka kuti munthuyo akulemba.

Aubrey anagonanso chagada. Kenako analephera kupirira.

"Mayi a Thoko, kodi mumakambirana chiyani?"

Olive sanabise foni, sanadzidzimukenso.

"Palibe chachikulu," anatero. "Amangondifunsa mmene ndaswerera. Kenako amadikira kuti ndiyankhe."